Sitima ya ku Machu Picchu: kwerani kukadali kowala

Ine ndi mchemwali wanga tinapita ku Machu Picchu, mabwinja a mzinda wakale wa anthu otchedwa Ainka, omwe ali paphiri m'dziko la Peru, mwezi wa May mvula itangosiya. Ambiri akamalemba za ulendowu amangothamangira mabwinja aja, sitima n'kuitchula modutsa ngati minibasi ya kumsika. Ine ndikufuna ndinene za sitimayo, chifukwa theka la zimene ndikukumbukira mpaka lero ndinazionera pawindo lake.

Tawuni ya Aguas Calientes, yomwe ili m'munsi mwa phirilo, ilibe msewu wa galimoto wochokera kunja. Kufikako ndi pa njanji kapena wapansi, palibe njira ina. Makampani onyamula alendo ndi awiri, PeruRail ndi Inca Rail, ndipo ife tinakwerera pa siteshoni ya Ollantaytambo, ulendo wa pafupifupi maola awiri pa galimoto kuchokera ku mzinda wa Cusco. Tinagona komweko ku Ollantaytambo, ndipo zinatithandiza. Cusco ili pa mamita pafupifupi 3,400, kuposa nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, moti tsiku loyamba mchemwali wanga ankachita befu akangokwera masitepe ochepa, mutu ukugunda. Ollantaytambo ndi yotsikirako, pa mamita pafupifupi 2,800, ndipo kumeneko tulo tinatipeza.

Pa siteshoni anatifunsa pasipoti limodzi ndi tikiti, dzina liyenera kufanana. Chikwama chololedwa ndi chaching'ono chokha, choncho masutikesi tinawasiya kuhotela. Tisanalowe ndinagula chimanga chophika kwa mayi wina panja pa geti, choyera, maso ake aakulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu, chodyera limodzi ndi kachidutswa ka tchizi. Ndinachimalizira ndili kale pampando.

Sitima inanyamuka pa nthawi yake. Mipando ndi ya manambala, yoyera bwino, ndipo mawindo ake amafika mpaka kudenga. Poyamba ndinkaona ngati mawindo a kudengawo ndi matama chabe, koma chigwa chitayamba kupanikizika ndinamvetsa. Mapiri amachita kukuimirirani pamutu, kotero kuti nsonga zake simungazione osakweza nkhope. Ife tinapatsidwa mbali ya kumanzere, komwe kuli mtsinje wa Urubamba, ndipo ngati muli ndi mwayi wosankha, pemphani mbali imeneyi popita. Madzi ake anali akadali ambiri, akuwinduka pamiyala, nthawi zina pafupi kwambiri moti umamva phokoso lake kupambana la sitima.

Chimene chinandigwira mtima ndi mmene dziko limasinthira uli pampando womwewo. Timachoka pakati pa minda ya chimanga ndi mitengo ya bulugama, udzu uli wouma, chakutali phiri la Verónica lili mbee ndi madzi oundana. Pamalo otchedwa Kilomita 82 tinaona mlatho umene oyenda pansi amawolokera poyamba ulendo wa masiku anayi wa Inca Trail, onyamula katundu atasenza mitolo yoposa misinkhu yawo. Kenako sitima imangotsika pang'onopang'ono, n'kumalowa m'mapanga a njanji. Kutuluka kwina, mpweya wafunda, matanthwe avala ndere ndi zomera zolendewera, nkhungu ikukwawa pakati pa mitengo. Mchemwali wanga, amene sachedwa kugona m'galimoto, sanaphethire n'komwe. Anangoti, "Achemwali, ndi dziko lomwe lija limeneli?" Sitimayi sithamanga, ndipo m'pabwino kutero. Ulendo wonse unatitengera ola limodzi ndi theka n'kapitirirako pang'ono. Ogwira ntchito anatipatsa tiyi ndi kachakudya kopepuka, ndipo mnyamata wina ankatiuza tisanafike pamalo oyenera kuyang'ana.

Ku Aguas Calientes mumatsika n'kudutsa mumsika wa nsalu ndi ziboliboli, kenako n'kukwera basi yokwera phiri mokhotakhota kwa mphindi pafupifupi 30. Tikiti ya basi ndi yapayokha, ya pageti la mabwinja nayonso ndi yapayokha, yokhala ndi ola lake lolowera. Gulani ya pageti poyamba, kenako musankhe sitima yogwirizana nayo. Za mabwinjawo sindichulutsa. Anamangidwa cha m'ma 1450, m'nthawi ya mfumu ya Ainka Pachacuti, pa mamita pafupifupi 2,430, ndipo dziko lonse linawadziwa Hiram Bingham atafikako mu 1911. Ndinaima nthawi yaitali pafupi ndi khoma lina la miyala yosemedwa, yolumikizana popanda matope, mpata wolowetsa ngakhale singano palibe.

Dandaulo langa lili pa ulendo wobwerera. Matikiti anatigulira ndi munthu wina wothandiza alendo, ndipo sanatiuze kuti sitima yobwerera inali yausiku, chonsecho tinalipira mtengo wa mawindo aakulu aja. Kumeneko dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, ndipo m'chigwa mumada msanga kuposa pamenepo. Tinayenda mumdima wandiweyani, pagalasi tikungoona nkhope zathu zotopa ndi magetsi a m'kati. Mtsinje tinkangoumva. Zinandiwawa, chifukwa tikiti ya sitimayi si yotchipa, ndipo ndalama imeneyi tinaisunga kwa miyezi yambiri. Tikanadziwa, tikanagona ku Aguas Calientes n'kubwerera m'mawa, kapena kungotenga tikiti yotsikirako mtengo ya usikuwo. Musanalipire, funsani ola lenileni la sitima zonse ziwiri, ndipo muliwone lolembedwa ndi maso anu.

Ngati mukupita nthawi ya mvula, makamaka January ndi February, siyani tsiku limodzi lapadera, poti nthaka ikagumukira panjanji sitima zimaima. Ine ndikadzapitanso ndidzakwera ya m'mamawa, mpando wa kumanzere, ndipo pobwerera ndidzatenga ya masana kuti ndidzaone Verónica kuchokera kumunsi.