Heyer, Quinn ndi mabuku otsika mtengo a pa intaneti: ndiyambe ndi liti?

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti ayambire pati pa mabuku a nkhani zachikondi za ku England wa zaka za 1811 mpaka 1820, nthawi imene Kalonga George ankalamulira m'malo mwa bambo ake odwala, Mfumu George III. Ndineneretu kuti mtima wanga uli kwa Georgette Heyer, wolemba mabuku wa ku England.

Chimene chandichititsa kulemba ndi buku lina lotsika mtengo limene ndinagula pa intaneti. Nkhani yake akuti ikuchitika mu 1814, koma namwali wa m'bukumo atalemba kalata anaiika mu envulopu n'kumatapo sitampa. Zinandiwawa, chifukwa sitampa yoyamba ya ku Britain, yotchedwa Penny Black, inatuluka mu 1840. Nthawi imeneyo isanafike, kawirikawiri wolipira anali wolandira kalata, ndipo mtengo unkatengera kutalika kwa mtunda ndi kuchuluka kwa mapepala. N'chifukwa chake anthu ankadzaza pepala limodzi, kulitembenuza cham'mbali, kulembanso mopingasa pamwamba pa mizere yoyamba, kenako kulipinda ndi kulimata ndi phula. Taganizirani mtsikana ali pa kandulo akufunafuna mawu a wokondedwa wake m'mizere yopingasanayo, kwinaku bambo ake akung'ung'udza za ndalama zimene alipira pakhomo. Kukoma kwa mabuku amenewa kwagona pa tinthu totere, ndipo wolemba uja anangotitaya. Ngati kuti sizinakwane, nkhaniyo inadukira panjira, ndipo kuti ndidziwe ngati ukwati unachitika ndinayenera kugula buku lachiwiri, zomwe pogulitsa sanatchule n'komwe.

Heyer, amene anatsegula njira ya nkhani zoterezi ndi buku la Regency Buck mu 1935, ankafufuza mwakhama za zovala, ngolo za akavalo ndi malankhulidwe a nthawiyo. Kwa iye ndi kumene ndinadziwira za Almack's, nyumba ya madansi ya ku London kumene zitseko ankatseka 11 koloko usiku, mowa kunalibe, ndipo anthu olemekezeka ankalimbirana chilolezo cholowera kuti akangomwa tiyi ndi madzi a mandimu, kudyera buledi wopaka batala. Munthu umaseka, komanso umamvetsa chifukwa chake mayi ankasowa tulo mwana wake akapanda kuitanidwa kumeneko. Vuto la mabuku a Heyer ndi Chingerezi chodzaza ndi mawu akale, moti dikishonale iyenera kukhala pafupi.

Julia Quinn, mwini mabuku 8 a banja la Bridgerton amene loyamba linatuluka mu 2000, savuta kuwerenga ndipo amaseketsadi, kungoti anthu ake amalankhula ngati a masiku ano ovala zakale. Amene wabwera ku mabuku chifukwa cha sewero la Bridgerton la pa Netflix limene linayamba mu 2020 ayambe ndi Quinn, koma akamaliza awiri abwere kudzabwereka Heyer kwa ine, ndipo aja otsika mtengo asawagule asanaone ngati nkhani yake ikuthera m'buku lomwelo.