Mafilimu oseketsa alipo abwino, koma mnyamata wa pakompyuta anandichititsa manyazi pamaso pa apongozi

Ndapereka nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo ndi za amayi eni shopu, mnyamata wawo sindikumupatsa ngakhale imodzi. Ndikunena kashopu kaja ka ku Kamwala mu Lusaka komwe amaika mafilimu mu flash, mabuku akale atayalidwa pathebulo la pakhomo. Mtengo ndi womwe uja wa K5 filimu imodzi, flash n'kubwera nayo wekha.

Apongozi anga aamuna anabwera kuchokera ku Katete kudzachitidwa opaleshoni ya mwendo. Atatuluka m'chipatala ankangokhala pampando kwathu ku Chilenje, nkhope ili ndwii, munthu wozolowera kulawirira kumunda. Ndinati ndiwapezere zowaseketsa. Mnyamatayo ndinamuuza momveka bwino: "Achimwene, ndikufuna zoseketsa zaulemu, tikaonera pamodzi ndi akuluakulu, ana aliponso." Sanandiyang'ane n'komwe. Chakumakutu chili m'khutu, anangoti, "Osavutika amai, ni vosekesa vekaveka." Ndinalipira K50 n'kunyamuka.

Madzulo magetsi atayaka, titadya nsima, tinasonkhana pabalaza. Apongozi ali pasofa mwendo atausanjika pakampando, apongozi aakazi pambali pawo, bambo a kunyumba pampando wawo, ana pansi, ine cha kukhomo monga mwa ulemu wake. Filimu yoyamba inayamba ndi ukwati, anthu akuvina, ndipo mtima unakhala pansi. Posakhalitsa chithunzi chinasintha, tili m'chipinda chogona, mwamuna ndi mkazi ali mbulanda, zinazo sindingazilembe pano. Rimoti inali m'manja mwa mwana wamng'ono, akudina paliponse, mawu m'malo motsika akukwera. Ndinadumpha ana n'kukazula chingwe cha TV kukhoma. Apongozi aakazi anali ataphimba kale nkhope ndi chitenje. Apongozi aamuna anatsokomola kamodzi, n'kunena chapansipansi kuti, "Amake mwana, ndipatseni ndodo zanga, ndikagone." Amene anakwatiwa akudziwa kulemera kwa chinthu chotere. Munthu amene sindidya naye mbale imodzi, amene ndimamugwadira pomupatsa madzi, ndi amene ndinamuikira zimenezo m'nyumba mwanga. M'mawa mwake tiyi ndinatumiza mwana, ine maso analibe poyang'ana.

Nditaona otsalawo pandekha, ena sankatseguka, ina inali yoopsa ya mizukwa, ina ya chiyankhulo chomwe panalibe wochimva. Mnyamatayo anangokoka chilichonse chomwe chinali pafupi ndi dzanja lake.

Nditabwerera, yankho lake linali lakuti ndalama sabweza, ndipo akuti sindinanene kuti sindikufuna zotero. Apa ndiye ndinakweza mawu mpaka ogulitsa zitenje a pafupi anasuzumira. Amayi eni shopu anatulukira kumbuyo komwe ankapukuta mabuku, anandikhazika pampando, n'kutsegula okha filimu ija. Anaitseka msangamsanga atagwira pakamwa. "Pamaso pa apongozi? Mayo ine! Pepani mayi, pepani ndithu." Anamuchotsa mnyamata uja pakompyuta, anafufuta zonse, n'kuyamba kusankha okha, iliyonse akundionetsa poyamba, pakati ndi kumapeto. Sanandilipiritsenso.

Amayiwa ntchito yawo amaidziwa. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Akuluwo Chingelezi amamva?" Nditati pang'ono chabe, anati tiyambe ndi zosafuna chiyankhulo. Anandiikira The Gold Rush ya Charlie Chaplin, ya mu 1925, yopanda mtundu komanso yopanda mawu olankhula. Ndinakayika kuti chinthu chakale chonchi chingaseketse ndani. Koma pamene Chaplin, njala itamupha m'kanyumba ka m'chipale chofewa, waphika nsapato yake, waiika m'mbale mwaulemu, akudya zingwe zake ndi foloko, misomali akuiyamwa ngati mafupa a nkhuku, apongozi anaseka mpaka kugwira bala kuti lingatseguke. Anthu amene anaionapo njala ndi maso amaimvetsa nthabwala imeneyi kuposa ife a m'tauni.

Mr. Bean wa Rowan Atkinson anandiikira magawo onse 15. Gawo loyamba lenileni, la mu 1990, lili ndi malo aja a m'tchalitchi, akulimbana ndi tulo pa ulaliki, akuyesa kudya switi mobisa, kenako n'kukuwa "Aleluya" mopitirira anzake chifukwa ndi mawu okhawo a nyimboyo amene akuwadziwa. Apongozi ndi mkulu wa mpingo kwawo, ndipo anayamba kutchula mayina a anthu a kumudzi amene amachita zomwezo pabenchi lakumbuyo. Tsiku limenelo ndi pamene anayambanso kucheza nane momasuka.

Osuofia in London ya mu 2003, ya Nkem Owoh wa ku Nigeria, imafuna wina wotanthauzira apa ndi apo, koma nkhani yake ndi yathu yomwe: munthu wa kumudzi akupita ku London kukatenga chuma cha mchimwene wake amene wamwalira. Akaona nkhunda zili mbwee mumzinda, iye akuona ndiwo. Iyi inawagwira mtima apongozi aakazi. The Gods Must Be Crazy ya Jamie Uys, ya mu 1980, ija ya botolo la Coca-Cola logwa kuchokera m'ndege ku Kalahari, ana anaikonda, makamaka galimoto ikudzikweza mumtengo ndi chingwe chake chomwe. Ine pena imandiwawa, chifukwa anthu a m'chipululu aja amawaonetsa ngati osadziwa kanthu, pomwe ndi iwo amene amadziwa kupeza madzi pomwe ena angafe ndi ludzu. Chithunzi chakenso pa kope lomwe ali nalo ndi chosaoneka bwino.

Zomwe zinaposa zonse ndi Izeki ndi Jakobo a ku Malawi, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi. Apa panalibe wotanthauzira mnzake, aliyense akumva yekha, ndipo apongozi ankamaliza miyambi asanaimalize eni ake. Mawu ake ndi otsika, muyenera kukweza TV mpaka kumapeto. Za Bikiloni ndi Difikoti athu a konkuno anali nazo zochepa kwambiri, zomwe zinandidabwitsa pa shopu ya mu Lusaka.

Potuluka ndinagula buku la Trevor Noah, Born a Crime, la mu 2016, pa K60, chikuto chopindika koma masamba onse alimo. Amayi aja anandichenjeza kuti ndi langa ndekha, si la ana, ndipo ananena zoona. Limayamba ndi mayi ake akumukankhira kunja kwa minibasi ikuyenda kuti apulumuke, ndipo umaseka uku mtima ukugunda. Nkhani za agogo ake ku Soweto ndi za mapemphero a m'nyumba zimakoma kwa aliyense amene analeredwa ndi mayi wokonda tchalitchi. Kumapeto kulibe choseketsa, mayiyo akuwomberedwa ndi mwamuna amene anali naye pabanja, ngakhale kuti anapulumuka. Ndinaliwerenga m'minibasi popita kuntchito mpaka kupitirira potsikira.

Pathebulo lonse lija palibe buku ngakhale limodzi loseketsa la m'Chinyanja, onse ndi a Chingelezi ndi a sukulu. Ndinkafuna loti mwana aziwawerengera agogo ake masana magetsi akazima. Amayi aja analemba pempho langa m'kope lawo n'kulonjeza kufunsa kwa amene amawabweretsera katundu.

Mukapita, funsani amayiwo, ndipo ngati palibe dikirani kapena bwererani tsiku lina. Musatuluke musanaone filimu iliyonse ikutseguka pamaso panu. Mnyamata uja akadali pomwepo, ndipo nditapita kukafunsa za buku la Chinyanja lija anandiona bwinobwino n'kubwezera chakumakutu chake m'khutu, pepani mpaka lero sanamutchule.