The Captive yandikhumudwitsa kwabasi

Dzulo usiku ndimaonera The Captive, filimu ija ya 2014 yomwe muli Ryan Reynolds, ndipo ndinene chilungamo ndadzuka mtima uli wowawabe. Ine mafilimu a nkhani zobedwa kwa ana ndimawatenga mozama chifukwa ndili ndi mwana wamkazi, ndiye nditamva kuti ndi ya bambo amene akusaka mwana wake ndinakhala pansi ndi mtima wonse.

Nkhani yake payokha ndiyogwira mtima. Matthew akuchokera ndi mwana wake Cassandra kumasewera otsetsereka pa ayezi, waima pakalesitilanti kuti agule chakudya, mwana wamusiya kumbuyo kwa galimoto, kutuluka wapeza mulibe munthu. Basi mphindi zochepa chabe zomwezo. Zaka 8 zikudutsa mwana osaoneka, mkazi wake Tina akumuloza chala, wapolisi wina nayenso akukayikira bamboyo. Ndani mwa ife sanasiyepo mwana m'galimoto kapena pakhonde la golosale nkumati ndikubwera pompano? Pamenepo thupi lonse linachita tsemwe.

Koma abale zomwe anachita Atom Egoyan, mkulu amene anaikonza, sindikuzimvetsa. Filimu isanapite patali watiwonetsa kale wakubayo, Mika, watiwonetsanso kuti mtsikana ali moyo wakula ali m'chipinda chotsekeredwa. Ndiye ife owonera tizidikira chani? Apolisi akuvutika kufufuza zinthu zomwe iwe ukuzidziwa kale, ukungowayang'ana akuzungulirazungulira. Kuonjezera apo nthawi imangodumpha, pano uli tsiku lomwe mwana anasowa, pano zaka zadutsa, kenako wabwereranso m'mbuyo osakuuza, ndipo poti malo ake ndi a ku Canada kufupi ndi Niagara Falls kulikonse kwangoti mbee ndi chipale, anthu nkhope sizikusintha, umachita kuyang'ana tsitsi ndi ndevu kuti udziwe uli chaka chiti. Ndinabwezera kawiri kuganiza kuti mwina ndaphonya penapake koma ayi ndithu ndi mmene anaipangira.

Kuchedwa pakokha si mlandu, zilipo zina zoyenda pang'onopang'ono koma mtima ukugunda mpaka kumapeto. Iyi ndi yosakwana maola awiri koma imakhala ngati ulendo wa basi yoima siteji iliyonse. Kamera ingokhala pa msewu, pa mitengo, pa Mika akumvera nyimbo za opera, zinthu osasuntha.

Chomwe chandipweteka kwambiri ndi gawo la mayi uja. Tina amagwira ntchito yokonza zipinda mu hotelo, ndiye akubawo amamuikira tinthu ta mwana wake m'zipindamo nkumamuonera pa kamera akulira. Imeneyo ndi nkhanza yoti ikanatha kunyamula filimu yonse, Mireille Enos anasewera Tina bwino zedi, koma ukangoyamba kumva chisoni basi akudula kupita kwina. Kenako wapolisi wamkazi wofufuza mlanduwu, Rosario Dawson, nayenso akubedwa, nkhani yachuluka mitu, ya mwana yomwe tinabwerera yayamba kuzilala.

Ryan Reynolds sindimuda, wayesetsa, ndevu zili nyankhalala maso ofiira ngati bambo woti sagona tulo, ndipo aka kanali koyamba ine kumuona osachita nthabwala. Pomwe anakumana ndi mwana wake patatha zaka zonse zija ndimayembekezera kuti misozi igwa, koma zinangodutsa mozizira, ndipo mathero anangobwera mothamanga ngati nthawi yawathera, pomwe ola lonse analiwononga poyang'ana chipale.

Filimu imeneyi inapikisana nawo pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, chaka chomwecho cha 2014 ndipo olemba za mafilimu ambiri sanaikonde, pano ndawamvetsa. Kwa ine ndiipatsa 2 pa 5, ziwirizo ndi za Reynolds ndi Enos. Ngati bandulo yanu ndi yochita kuwerengera musaiwonongere pamenepa.