Fixed deposit, Treasury bill kapena banki m'khonde: ndalama za soya zidikire kuti feteleza?

Soya wagulitsidwa mu Meyi, feteleza adzafunika mu Novembala. Pa miyezi 6 imeneyi ndalama zigone kuti? Ambiri timathamangira kufunsa za chiwongoladzanja, pomwe chofunika kudziwa msanga ndi ichi: mwana akagonekedwa m'chipatala mu Ogasiti, ndalamazo zituluka bwanji, ndipo zingati zitsalira pakhomo potuluka?

Fixed deposit njosavuta. Mumatsekera ndalama ku banki, mutagwirizana nayo nthawi ndi chiwongoladzanja, basi. Mukaiswa nthawi isanakwane, ndalama zanu amakupatsani, koma chiwongoladzanja chimadulidwa, mwina kutheratu, malinga ndi zomwe munasainira. Funsani zimenezi musanasaine, ndipo ngati ndalama n'zambiri nenererani, chifukwa mtengo wolembedwa pakhoma si womaliza. Masiku ano kulinso Deposit Insurance Corporation yoteteza osunga ndalama banki ikagwa, ngakhale ili ndi malire pa ndalama zomwe imabweza kwa munthu mmodzi.

Treasury bill ndi ngongole yomwe inu mukubwereketsa boma. Reserve Bank of Malawi imagulitsa za masiku 91, 182 ndi 364, ndipo mumagula kudzera ku banki yanu kapena ku discount house, kampani yogula ndi kugulitsa mapepala a ngongole ngati amenewa. Mumalipira ndalama zocheperapo lero, tsiku likakwana mumalandira zonse zolembedwa. Kawirikawiri phindu lake limaposa la fixed deposit, n'chifukwa chake mabanki enieniwo amaikako ndalama zochuluka, zina mwa izo n'zanu zomwe. Ya masiku 182 yogulidwa mu Meyi imakhwima mu Novembala, nthawi yeniyeni ya feteleza. Mukapanikizika pakati mutha kuigulitsa, koma wogulayo ndiye amatchula mtengo. Kodi boma lingalephere kubweza? Ghana itayamba kusintha kabwezedwe ka ngongole zake za m'dziko kumapeto kwa 2022, eni ma bond (ngongole za boma za nthawi yaitali) analira, koma ma Treasury bill sanakhudzidwe. Si lonjezo kwa ife, komabe zikusonyeza kuti boma limaopa kukhumudwitsa omwe amalibwereketsa ndalama sabata ndi sabata. Pa ziwirizi musaiwale msonkho, umadulidwa pa chiwongoladzanja ndalama zisanakufikeni.

Banki m'khonde ndiye imakopa. Magulu ambiri amabwereketsa pa 10 kapena 20 peresenti pa mwezi, ndipo tsiku logawana anthu amavina. Koma taonani bwino. Masheya anu simungawachotse pakati pa chaka. Mukafuna ndalama mumachita kubwereka, n'kumalipira chiwongoladzanja pa ndalama zomwe zina n'zanu. Ndipo tsiku lomwe mwasowa, bokosi la gulu la maloko atatu lija limatha kupezeka lopanda kanthu, osati chifukwa cha kuba ayi, koma zonse zili kwa anzanu ogulitsa tomato ndi kaunjika. Magulu ambiri amagawananso mu Disembala, mvula itagwa kale, chimanga chikufuna feteleza wachiwiri. Wina akathawa ndi ngongole, palibe inshuwalansi. Mumathera kwa amfumu, kukanganirana mbuzi ndi malata. Pa ndalama za feteleza, ine sindingaike zonse kumeneko, ngakhale gululo likhale la kutchalitchi.

Pali chilombo chimodzi chomwe chimadya zitatu zonsezi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anatsekera ndalama m'zaka zimenezo analandira chiwongoladzanja chake bwinobwino, koma atafika kwa ogulitsa zipangizo za ulimi anapeza kuti matumba achepa. Ngati muli ndi posunga pouma ndi potetezeka, kugula matumba ena mu Juni kumaposa zonsezi.

Zotsalazo ndingazigawe motere: gawo lalikulu ku Treasury bill ya masiku 182 kapena kuchepera, kagawo kochepa ku gulu kuti dzina lisafufutidwe, ndipo za matenda ndi maliro zikhale mu akaunti wamba kapena pa Airtel Money ndi Mpamba, komwe phindu n'lochepa koma zimatuluka ngakhale Lamlungu madzulo.