Kuyenda ndi wotsogolera alendo ku Qibao: ntchito yabwino yosowa mapu

Alendo ambiri opita ku Qibao, tawuni yakale ya m'boma la Minhang chakumadzulo kwa mzinda wa Shanghai ku China, amangogula zakudya mumsewu wakale n'kubwerera. Ine ndinalipira kampani ina yaing'ono imene imapereka munthu woyenda ndi alendo wapansi n'kumawafotokozera mbiri ya malowa, ndipo ndalama yanga sinapite pachabe.

Tinakumana pa siteshoni ya Qibao ya njanji nambala 9 ya sitima zapansi panthaka, imene inatsegulidwa mu 2007, ndipo wotitsogolerayo sanatichedwetse m'masitolo koma anatitengera pa mlatho wamiyala wa Puhuitang, womangidwa mu 1518 mu ufumu wa Ming. Apa ndi pamene ntchito yake inaonekera. Anatilozera mtsinje wa Puhuitang, umene umadula tawuniyi pakati, nafotokoza kuti mu ufumu wa Qing tsidya la kumpoto linali m'boma la Qingpu, tsidya la kumwera linali m'boma la Lou, lomwe linapatulidwa ku boma la Huating mu 1656, pamene chigawo cha kum'mawa, kutsidya kwa mtsinje wa Hengli, chinali m'boma lakale la Shanghai, losiyana ndi mzinda wonse wa Shanghai wa lero. Choncho anthu ogulitsa thonje ndi nsalu pamsika umodzi ankayang'aniridwa ndi maboma atatu, ndipo munthu ankatuluka m'boma lake pongowoloka mlatho. Mfundo imeneyi siioneka pa nyumba zokonzedwanso za mumsewumo, ndipo mlendo woyenda yekha sangaitulukire.

Chimene chinandikhumudwitsa n'chakuti mbiri yaposachedwa anaidutsa mothamanga. Za chaka cha 1992, pamene boma lakale la Shanghai linaphatikizidwa ndi Minhang n'kupanga boma limene Qibao ilimo lero, anazitchula nditachita kufunsa, chonsecho kusintha kumeneku n'kofunika kwa aliyense wofuna kumvetsa mmene dera la minda, loyandikana ndi bwalo la ndege la Hongqiao, linasandukira malo a nyumba zosanjikizana. Analibenso mapu ngakhale amodzi, zomwe n'zosayenera pa ulendo umene mutu wake ndi malire, pakuti kuloza ndi chala sikukwanira pamene mitsinje iwiri ndi maboma atatu zikutchulidwa nthawi imodzi.

Ndikulimbikitsa ntchitoyi kwa okonda mbiri, koma apite m'mawa mkati mwa sabata, chifukwa Loweruka ndi Lamlungu msewuwo umadzaza moti mawu a wotsogolera samveka, ndipo atenge mapu awoawo.