Chigayo cha amayi a mpingo pa Ngabu: ufa ndi wosalala, koma bolodi lilembedwe

Ndinayamba kugayitsa pa chigayo chimenechi mwangozi. Cha kwathu chinaduka lamba, ndiye ndinakweza ndowa yanga ya mapira pa kabaza mpaka kuseri kwa msika wa Ngabu. Anandiuza kuti n'cha amayi a mpingo wina, ndipo phindu lake limagula phala la ana amasiye amene amasonkhana pa tchalitchipo m'mawa. Ena mwa anawa anabwera kwa agogo awo pambuyo pa madzi osefukira a namondwe Freddy mu Malichi 2023, ena makolo anapita kale ndi matenda.

Ufa wake sindingaunyoze. Mapira ndi ovuta, sefa ikakhala yotha nsima imamveka ngati mchenga wa mu Shire m'kamwa. Pano umatuluka wosalala, ndipo mnyamata wogaya amayamba wagogoda makina kuti mgaiwa wa mnzako usalowe mu ufa wako woyera. Ukakonoletsa chimanga, madeya amakufunsa kaye: “Mayi, mutenga kapena tisiyire ana?” Ukasiya amagulitsa kwa oweta nkhumba. Mtengo ndi womwewo wa zigayo zina. Ndi cha dizilo, choncho magetsi akazima mzere umafika kumsewu, ndipo mthunzi ndi wa mtengo umodzi wa nimu. Ndi dzuwa la ku Chigwa kuno, lawirani mbandakucha.

Phalalo ndaliona ndi maso anga. Tsiku lina ndinapeza kamtsikana kakupungulira theka m'kabotolo, akuti n'kopita nako kwa mng'ono wake wodwala kunyumba. Mayi wophika anangoyang'ana kumbali, kenako n'kukawonjezera chipande china.

Chondiwawa ndi bolodi lili pakhomo. Analikhoma kuti azilembapo ndalama zolowa ndi zotuluka mwezi ndi mwezi, koma zolembedwa zomaliza mvula inafufuta kalekale. Nditafunsa mayi wosunga kaundula anati, “Mayi, ife timapereka kwa akuluakulu, olemba ndi iwowo.” Sindikunena kuti wina akudya. Koma abusa amakonda kutiwerengera Yakobo 1:27, kuti chipembedzo chenicheni ndi kuyendera ana amasiye ndi akazi amasiye pa mavuto awo, ndipo oyenderawo ndimaona ndi amayi okhaokha, zitenje zili mbuu ndi ufa. Akulu a mpingo, agulupu ndi andale amafika tsiku la alendo, kujambulitsa ndi ana atagwira makapu, basi. Denga la khitchini likudontha chaka chachiwiri tsopano, malata ochepa chabe.

Kugayitsa kagayitseni kumeneko, ufa simudzadandaula. Ine Loweruka ndikupitanso ndi ndowa ziwiri, ndipo choko ndapempha kale kwa aphunzitsi a mwana wanga, ndikakapereke m'manja mwa abusa.