Kuyendera makolo pakhomo, magulu a makolo, kapena sukulu ya mkombaphala?

Mapulogalamu a mmera mpoyamba, othandiza kakulidwe ka ana aang'ono, amafikira makolo m'njira zitatu, ndipo ngakhale zonse cholinga chake ndi mwana, zimasiyana kwambiri pa luso limene zimasiyira kholo.

Njira yoyamba ndi yoti mlangizi aziyendera banja pakhomo. Umboni wake waukulu unachokera mumzinda wa Kingston ku Jamaica, kumene kuyambira 1986 alangizi a zaumoyo ankayendera sabata iliyonse, kwa zaka ziwiri, amayi a ana opinimbira a miyezi 9 mpaka 24. Mlangizi sankabwera kudzatenga malo a mayi, koma ankakhala naye pansi n'kumuonetsa mmene botolo lotha ntchito lingasandukire chidole, mmene angatchulire dzina la chinthu chimene mwana waloza, ndiponso kufunika komuyamikira mwanayo akayesa ngakhale walephera. Patapita zaka 20, ofufuza anapeza kuti anawo ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo opinimbira amene sanayenderedwe. Chovuta n'chakuti mlangizi mmodzi amangokwanitsa makomo ochepa, ndipo akamuchulukitsira mabanja, ulendo wake umasanduka wongopereka moni ndi kulemba m'kaundula.

Magulu a makolo amachepetsa vuto limeneli, pakuti mlangizi yemweyo amakumana ndi mabanja ambiri nthawi imodzi. Koma phindu lenileni la gulu, mmene ndikuonera ine, si kutsika mtengo kokha. Mayi amene amachita manyazi kulankhula ndi khanda losayankha amamasuka akaona mnzake akuchita zomwezo, mwanayo n'kumabwezera timawu take. Kafukufuku wa Msingi Bora, amene anachitika kumadzulo kwa Kenya ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anayerekeza misonkhano ya pagulu yokhayokha ndi misonkhano yosakaniza ndi maulendo a pakhomo, ndipo ana a makolo osonkhana pagulu pokha sanatsalire m'mbuyo. Komabe amene amajomba kawirikawiri ndi omwewo amene akufunika thandizo kwambiri, monga mayi wovutika maganizo atabereka, kapena kholo la mwana wolumala limene likuopa kuyang'anidwa. Abambo nawonso sapezekapezeka ngati sanaitanidwe mwachindunji.

Sukulu ya mkombaphala imapatsa kholo mpata wogwira ntchito, ndipo mwana wa zaka 3 mpaka 5 amaphunzirako kukhala ndi anzake. Ngozi yake ndi yoti kholo limayamba kuganiza kuti ntchito yonse yatsala kwa alezi. Anthu amakonda kutchula sukulu ya Perry ya ku Michigan m'dziko la America, imene inayamba mu 1962, monga chitsanzo cha sukulu yosintha moyo wa ana, koma amaiwala kuti aphunzitsi ake ankapitanso kunyumba za anawo sabata iliyonse.

Kwa mwana wosakwana zaka 3, ine ndingasankhe gulu la makolo, malinga ngati mlangizi ali ndi mndandanda wa ojomba ndipo akuwatsatira kwawo osadikira kuti mwezi uthe. Mwana akafika msinkhu wa sukulu, kholo lisanamulembetse lifunse ngati alezi amakumana ndi makolo nthawi ndi nthawi, komanso ngati amawapatsa timasewera ndi nthano zoti akapitirize nazo kunyumba.